Galu Wamkota Womwa Dizilo

Alamu anga anasiya kuyatsa wailesi m'galimoto. Si kuti inafa ayi, ngakhale kuti ndi wailesi ya ku Japan yomwe manambala ake amathera pa 90, moti nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno imangozimvera mbiri. Anaisiya chifukwa imawasokoneza pomvetsera galimoto. Mukakwera nawo, nkhani imadulidwa pakati ndi chala chokwezedwa m'mwamba: "Taimani kaye, alamu. Mwamva?" Inu simunamve kanthu. Iwo amva, ndipo nkhope yagwa kale.

Mlongo wanga atatopa nazo anawauza mwezi wathawu kuti galimoto ya 1998 singayende chete, yakalamba, aisiye izidandaula. Alamu anayankha modekha, maso ali pamsewu: "Mayi, galu wamkota sakandira pachabe." Mwambi umenewu ine ndinkaumva kwa agogo ponena za anthu a imvi. Sindinkadziwa kuti tsiku lina udzaikidwa pa Land Cruiser Prado, ndipo chiumvereni m'galimoto muja sukundipatsa mtendere.

Galu wake ndi uyu. Injini yake ndi ya dizilo, ya malita atatu, yotchedwa 1KZ-TE, ija ilinso m'ma Hilux Surf ambiri. Galimotoyi inatsika sitima ku Dar es Salaam, inalowa pa Songwe, inakwera Chiweta, kenaka inadutsa m'manja mwa anthu angapo, aliyense n'kuigulitsa akulumbira kuti ankangopitira kutchalitchi basi.

Umboni woyamba wotsutsa mwambiwu umamveka mukangotembenuza kiyi. Pansi pa chiwongolero pali kabokosi momwe mayi wina amalankhuliramo Chijapani mwaulemu kwambiri. Akudandaula kuti simunalowetse khadi lolipirira pa mageti a misewu ya kwawo. Wakhala akudandaula chomwecho m'mawa uliwonse chifikireni kuno, pamene pa mageti athu a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke amangofuna makwacha. Ngati uku si kukanda pachabe, ndiye pachabe ndi pati? Alamu amati ameneyo si galu, ndi munthu wongokwera nawo.

Koma phokoso limene linawasowetsa tulo linali lina. Linali "gu" mmodzi, nthawi zina "gugu", lomveka galimoto ikalowa m'dzenje, ndipo poti misewu yathu simana munthu dzenje, linkamveka pafupipafupi. Chovuta chake n'chakuti aliyense ankalimvera kwake. Alamu ankati likuchokera kutsogolo kumanzere. Mlongo wanga ankati kumbuyo. Mnyamata wawo wamkulu ankati salimva n'komwe, koma iyeyo m'makutu mwake mumakhala tizingwe ta foni usana ndi usiku, choncho umboni wake unakanidwa.

Ku galaja sanafune kupitako. Anati amakaniko akamva "gu" amayamba n'kukuuza zogwetsa injini. Loweruka lililonse linasanduka tsiku lovala ovolosi. Anayamba ndi mabushi, timphira tija timatchinga kuti zitsulo za kumiyendo zisamagundane. Anapita ku Malangalanga, kumene wogulitsa amakufunsa kaye ngati ukufuna ya olijino kapena yoti ingokufikitsa kunyumba, ndipo anabwerako ndi jumbo lodzadza. Anasintha. Phokoso linalipobe. Loweruka lotsatira anasintha mashoko a kutsogolo. Galimoto inayamba kuyenda mofewa bwino, ndipo chifukwa cha kufewako "gu" uja anayamba kumveka bwino kuposa kale.

Apa ndi pomwe ine ndinalembedwa ntchito yopanda malipiro. Ntchito yanga inali yogwedeza galimoto uku iwo ali pansi, sikuludiraiva yaitali ili pachitsulo, chigwiriro chake chili kukhutu. Njira imeneyi si yoseketsa monga ikuonekera: chitsulo chimatenga phokoso n'kulifikitsa kukhutu, ndipo beringi yotha imadziulula msanga. Chimene ndinakana n'chimodzi, kuti alowe pansi galimoto ili pa jeki yokha. Jeki ndi yonyamulira, si yogonera pansi pake, ndipo Prado imalemera pafupifupi matani awiri. Njerwa nazo n'zachinyengo, zimaphwanyika mosachenjeza. Tinaika zipika za mtengo wolimba ndipo tayala lapadera tinaligoneka pansi pa chasesi, kuti zikavuta chitsulo chitsamire pa tayala osati pa chifuwa cha bambo a ana a mlongo wanga. Pamenepa sindinaseke ndipo sindikuseka.

Atalephera ndi khutu, anaganiza zofunsa galimotoyo mwachindunji. Magalimoto a Toyota a zaka zimenezo ali ndi kabokosi m'boneti kokhala ndi timabowo, ndipo ukalumikiza kabowo ka TE1 ndi ka E1 ndi kawaya, nyali ya injini pa dashibodi imayamba kuphethira. Umawerenga kuphethirako: kangapo, kupuma, kangapo, ndipo nambala yotulukayo ndiyo dzina la matenda. Tinakhala awiri, amuna akuluakulu a ndevu zathu, tikuwerenga mokweza pamodzi. Nyaliyo inangophethira mofanana osapumira, kutanthauza kuti injini ilibe chodandaula. Zoti kompyuta ya injini sidziwa kanthu za miyendo ya galimoto, tonse tinkazidziwa. Koma munthu akafika pamenepa amafunsa aliyense.

Mlandu unagamulidwa ndi mwana wawo wamkazi wa Sitandade 4, amene ankasaka ndalama yake yachitsulo kumbuyo. Anatsegula kachitseko ka m'mbali n'kutulutsamo chitsulo cholemera chopindika, chija amamangirirapo chingwe pokoka galimoto. "Adadi, ichi n'chiyani?" Anali atachigula okha alamuwo, pokonzekera tsiku la tsoka, n'kuchiponya m'menemo chosakulunga. Chitachotsedwa, "gu" anapita osatsanzika.

Mlongo wanga anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo tsiku limenelo mwambi unaoneka kuti wagonja. Koma taonani izi. Loweruka lina m'kati mwa kusakasaka kuja, tayala lakutsogolo lili m'malere, alamu analowetsa chitsulo pansi pake n'kutukula, ndipo tayalalo linagwedera pomwe siliyenera kugwedera. Inali ball joint ya m'munsi, mphira wake utang'ambika, girizi yense atatuluka, mchenga utalowa. Pa galimoto za mtundu uwu kachitsulo kameneka ndi kamene kamasenza kulemera kwa kutsogolo, ndipo kakaduka tayala limapinda n'kulowa pansi pa galimoto, kaya muli pa 20 kaya pa 100. Sikanalirepo ngakhale kamodzi. Akanapanda kuthamangitsa phokoso labodza lija sakanakaona. Ndiye tinene kuti galu anakanda pachabe? Anakanda polakwika, inde, koma mbewa inatuluka ndithu.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana pang'ono ndi agogo. Iwo ankaopa galu akakanda. Pa galimoto yakale, zoopsa zenizeni zimabwera galu ali gone. Lamba wa timing salira. Amangoduka tsiku lake likakwana, mapisitoni n'kumenya mavalavu, ulendo n'kuthera pomwepo. Pali nyali yolembedwa T-BELT imene imayaka pa makilomita 100,000, koma nyaliyo imawerenga mtunda, siona lambayo, ndipo munthu wodziwa angathe kuizimitsa osasintha kanthu. Wogula galimoto yakale asamakhulupirire nyali yozima. Asinthe lambayo ndi ndalama zake, alembe tsiku ndi makilomita pamalo ooneka.

Madzi a mu radiyeta nawonso ndi achete. Injini imeneyi mutu wake ndi wa aluminiyamu pamene thunthu lake ndi la chitsulo, ndipo ziwirizi zikatentha sizifufuma mofanana. Ikawira kwambiri mutuwo umachita ming'alu, ndipo mtengo wake ndi wa fizi ya teremu yathunthu kapena kuposa. Ife timathira madzi a pamjigo chaka ndi chaka, dzimbiri n'kumatseka timipata ta radiyeta mwakachetechete. Choipa kwambiri n'chakuti madzi akatayikiratu, muvi wa geji ungathe kukhala pabwinobwino, chifukwa kachipangizo koyeza kutentha kamayeza madzi, ndipo madziwo palibe. Chokhacho chimene chimalankhula moona mtima ndi filita ya dizilo. Madzi akachuluka pansi pake nyali imayaka, ndipo umangomasula kampopi kapansi, n'kupopa pamwamba mpaka dizilo woyera atuluke. Nthawi imene mafuta ankasowa, anthu n'kumagula a m'zigubu kuseri kwa nyumba, kampopi kameneka kanapulumutsa injini zambiri.

Wina angafunse kuti bwanji osangoigulitsa. Funso limeneli amafunsa ndi anthu amene kwawo phula linafika. Kumudzi kwa alamu, mvula ikagwa mu Januwale, galimoto zazing'ono zimathera pamsika, ndipo wodwala amafika kuchipatala chifukwa cha galu wokalamba ngati ameneyu. M'maiko ena munthu amakonza yekha galimoto pofuna kupitako nthawi. Kuno amakonza yekha chifukwa chipangizo chilichonse chimabwera ndi madola, ndiponso chifukwa ikafera pakati pa thengo, makaniko amene alipo ndi mwini wake yemweyo.

Vuto n'lakuti ukakhala ndi galimoto yotere, mudzi wonse umaiona ngati ng'ombe ya pagoli. Maliro, ukwati, chimanga, feteleza, zonse ndi "tabwerekaniko ngolo mumangirire kumbuyoko". Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. M'maiko ambiri ngolo yopanda mabuleki akeake siloledwa kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi kulemera kwa ngoloyo, kutanthauza kuti matumba 15 ndi ochuluka kale. Uzani zimenezi amalume amene akolola matumba 30 ndipo aima pambali pa ngolo manja ali m'chiuno. Adzakufunsani ngati galimotoyo ndi yamphamvu kapena ayi. Yamphamvu ndithu, ndipo idzakoka. Funso limene amalume safunsa ndi lakuti idzaima bwanji.

Kasanjidwe nako kali ndi lamulo lake. Katundu wolemera azikhala kutsogolo kwa matayala a ngolo, kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi la kulemerako litsamire pa chitsulo chokokera. Mukaunjika kumbuyo, ngolo imayamba kuvina liwiro likakwera, ndipo ikavina imavinitsa galimoto yomwe. Potsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, phazi likakhala pa buleki njira yonse, mafuta a mabuleki amatentha, ndipo poti mafuta amenewa amayamwa chinyontho zaka zikamapita, amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Giya yaing'ono ndiyo iyenera kugwira galimoto, buleki izingothandizira. Pokwera, ngati ili otomatiki, dinani kabatani ka O/D kuti isamasakesake magiya. Mafuta a giyabokosi amazizirira mu radiyeta yomweyo, choncho mukaizunza pamtunda mukutenthetsa ziwiri nthawi imodzi.

Ndiye pali kukoka mnzako amene watitimira m'matope, ntchito imene alamu amaikonda kuposa nsima ya nkhuku. Kampira kachitsulo kokokera ngolo kamaoneka ngati anakapangira chingwe, koma mukakoka mwadzidzidzi kamaduka n'kuuluka, ndipo kanaphapo anthu. Tizingwinjiri tina ta pansi pa galimoto anatiika kuti azimangirira galimotoyo m'sitima, osati kuzulira lole m'dambo. Pakati pa chingwe ikanipo thumba lonyowa kapena bulangete kuti chikaduka chigwe pansi. Ndipo thamangitsani ana. Galimoto ikatitimira kumudzi, sukulu yonse imabwera kudzaonerera, ndipo malo amene ana amawakonda ndi pambali penipeni pa chingwe.

Yokokedwa ikakhala yakufa injini, woiyendetsa adziwiretu kuti akaponda buleki kawiri katatu idzauma gwa, chiwongolero chidzalemera, ndipo kiyi akhale potsegula kuti chiwongolerocho chisakhome pakona. Ngati ndi otomatiki, musaikwekwese mtunda wautali matayala ali pansi, chifukwa pampu ya mafuta a giyabokosi imazungulira ndi injini. Mudzafika nayo ku galaja itawonjezera matenda achiwiri pa oyamba aja.

Zonsezi alamu anazimvetsa, mwinanso mopitirira. Atazindikira kuti zoopsa zimabwera mwakachetechete, anayamba kukayikira chilichonse chimene sichikulira. Radiyeta sinadonthepo, choncho anaichotsa. Pampu ya madzi inali chete mokayikitsa, nayo inatsika. Panopa Prado ili pa zipika kuseri kwa nyumba, ilibe matenda alionse odziwika, ikudikira katundu wochokera ku Dar es Salaam.

N'chifukwa chake ku ukwati wa ku Salima Loweruka lapitali tinapita pa minibasi, titapanikizana anayianayi, mlongo wanga atanyamula mphatso pamiyendo osalankhula ndi munthu. Tisanafike n'komwe pa Chezi, alamu anaweramira kutsogolo n'kugwira dalaivala paphewa.

"Achimwene, beringi ya kumbuyo kumanja ikulira."

Kondakitala ndiye anayankha, osatembenuka n'komwe: "Bwana, imeneyo yakhala ikulira chigulireni. Ngati mukuopa tsikani, koma ndalama sitibweza."