Mutu umodzi susenza denga, ngakhale la malata

Akuluakulu ponena kuti mutu umodzi susenza denga sankaphiphiritsa kwenikweni. Ankanena zimene maso awo ankaona. Denga la nkhokwe kapena la nyumba yozungulira linkamangidwa pansi, phaso ndi phaso, luzi ndi luzi. Likatha, mayi ankaphika thobwa, bambo n'kuzungulira mudzi kuitana amuna anzake. Aliyense ankalowetsa mutu kunsi kwa dengalo, wina n'kufuula kuti "Tiyeni nalo!", basi denga lakwera. Kukula kwa nyumba kunkatengera kuchuluka kwa anthu amene ukumwerana nawo madzi. Munthu wokangana ndi mudzi wonse ankamanga kanyumba kakang'ono, podziwa kuti tsiku lokweza denga adzabwera ndi mlamu wake yekha, nayenso mokakamizidwa ndi mlongo wake.

Malata ndiwo anatisokoneza. Denga la malata silisenzedwa pamutu, ndiye tinaganiza kuti mwambi uja watha ntchito.

Yendani m'midzi ya kwa Magodi, ku Egichikeni kapena ku Emusa, dera limene mu 2018 linapatulidwa kukhala boma la Chasefu ngakhale ambiri akamati "ndikupita ku boma" amanenabe ku Lundazi. Simuyenda nthawi yaitali musanaone chimpanda cha njerwa zowotcha, chachikulu ngati sukulu, chitaima pamawindo. Muli zipinda zogona zisanu ndi chimodzi, pabalaza paŵiri, ndi garaja ya galimoto imene idakali ku Japan. Pamene panayenera kukhala mipando ya sofa pamera mtengo wa papaya, ndipo ukubereka bwino. Mbuzi ndizo zinalowa kale m'nyumbamo, popanda mwambo wotsegulira.

Mbiri ya nyumba zoterezi mutha kuiŵerenga pakhoma, mzere ndi mzere. Maziko anakumbidwa chaka chimene soya anali ndi mtengo wabwino, mwini wake akuyenda ndi foni ziŵiri. Mu 2023 mtengo wa soya unagwa, khoma n'kuima pamawindo. Mu 2024 kunabwera chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ndalama ya malata inasanduka ufa. Kubanki kulibe chothandiza. Malo a kumudzi ali m'manja mwa mfumu, alibe pepala la umwini limene banki imafuna ngati chikole. Lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo otere kukhala a lizi, koma ulendo wake wodutsa kwa mfumu, ku khonsolo mpaka ku unduna wa za malo umatha nsapato. Choncho nyumba ya kwa Magodi imamangidwa ndi munda, ndipo munda umamvera mvula, sumvera pulani.

Apa m'pamene mwambi uja umabwezera. Denga lakale linkalipidwa ndi thobwa. La lero likufuna malata, matabwa, misomali, ngolo yotuta, ndi mmisiri amene thobwalo amwa ndithu, koma akatha kumwa atambasula dzanja. Mwini hadiweya sadziŵa za ubale. Zonsezi zimagwera mutu umodzi, wa munthu yemwe uja anauza wojambula pulani kuti, "Muwonjezerepo chipinda china, anthu aone."

Ena amalimba mtima mpaka kufolera, ndipo tiwapatse ulemu wawo. Koma ikamatha nyumbayo, ana amene anawamangira zipinda aja akula. Wina ali ku Lusaka, wina ku Kitwe, wina ku Johannesburg akutumiza zithunzi pa WhatsApp m'malo mwa ndalama. M'nyumba ya zitseko khumi ndi ziŵiri mwatsala nkhalamba ziŵiri ndi mdzukulu mmodzi. Chipinda choyamba muli chimanga, chachiŵiri feteleza, chachitatu njinga yakufa, chachinayi nkhuku ikufungatira. Chachisanu palibe amene walowamo kuyambira Khirisimasi, ndipo mileme yakhazikitsamo boma lake. Sola imene ilipo imayatsa mababu aŵiri basi. Mwezi wa Juni, simenti ikazizira mpaka kuluma mapazi, eni nyumba mumawapeza kuti? Ali m'kakhitchini kaudzu kuseri, akuwotha moto, nyumba yaikulu akuionera patali.

Musaiŵale chimbudzi cham'nyumba. Bambo anaumirira kuti chipinda chawo chikhale cha selofu, monga anaonera ku loji ina ku Chipata. Chimbudzicho chimafuna madzi, ndipo madzi ali kumjigo. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma ndowa umasenza, ndipo mutu wake si wa bambo ayi. Amene amasesa zipinda zonsezo, kukolopa khonde lozungulira nyumba ndi kuthamangitsa akangaude ndi yemweyo amene sanafunsidwe pojambula pulani. Ine ndimati mmisiri asanakhome chikhomo choyamba, azifunsa kaye amene adzagwira tsache.

Wina anena kuti kumanga zazikulu n'chikhalidwe cha kuno, taonani kasolo ya ku Lundazi. Zoona, bwana DC wachizungu Errol Button anamanga chinyumba chija kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, chokhala ndi nsanja ngati za mafumu a ku Ulaya, pafupi ndi damu. Koma iyeyo sanamangire banja lake. Inali nyumba yogona alendo, ndipo mpaka lero ndi hotela. Ngakhale mtsamunda, ndi mphamvu zonse zoitanira anthu kuumba njerwa, anadziŵa kuti zipinda zambiri zimafuna mitu yolipira.

Nkhani yoseketsa ikuchokera ku America. Kumeneko anthu anakhala zaka zambiri akupikisana kumanga zinyumba zazikulu, mpaka anazipatsa dzina lachipongwe loti McMansion. Pofika 2015 nyumba yatsopano yapakatikati inali ya masikweya mita pafupifupi 230, ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikucheperachepera. Mabanja achepa, zipangizo zakwera mtengo, chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chinalumpha mu 2022, ndipo kutenthetsa zipinda zopanda anthu m'nyengo yozizira kukuwawa m'thumba. Tsopano pali mapulogalamu a pa TV oonetsa anthu ophunzira bwino akulira ndi chimwemwe chifukwa asamukira m'kanyumba ka chipinda chimodzi, bedi pano, mbaula apo. Agogo athu akanaona zimenezi akanafunsa kuti kamera ija inali kuti zaka zonsezi.

Pajatu mudzi wakale unali wa tinyumba tambiri. Bambo ndi mayi yawo, agogo kuka kwawo, anyamata gowelo lawo, nkhokwe payokha, khola palokha, pabalaza pansi pa mtengo wa mango. Mwana akakula ankadula mitengo n'kudzimangira. Akachoka, kanyumba kake kankagwa n'kubwerera kudothi popanda kusiya ngongole. Banja likakula, mudzi unkakula. Likachepa, unkachepa nawo. Nyumba ya simenti ya zipinda zisanu ndi chimodzi sichepa, imangokuyang'ana.

Achinyamata ena azindikira. Akumanga zipinda ziŵiri ndi pabalaza, kufolera mvula isanagwe, kuika sola, kulowa. Ochenjera kwambiri akumanga mdadada wa tinyumba ta lendi. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ambiri n'kuwatumiza kumadera akumidzi kumene nyumba za aphunzitsi n'zoŵerengeka. Mphunzitsi watsopano safuna garaja. Akufuna chitseko chotsekeka, denga losadontha ndi malo otchajira foni, ndipo amalipira mwezi ukatha, soya akwere kapena agwe.

"Nanga alendo adzagona pati? Nanga pamaliro?" Funso limeneli lamangitsa zipinda zambiri kuposa ana obadwa. Koma munaonapo liti anthu pamaliro akugaŵana zipinda? Amuna amagona panja pamoto, amayi amathithikana pamphasa m'chipinda chimodzi akuimba mpaka kucha. Za alendo ndiye musandiyambe. Mitu yosenza denga ija sinathe, ilipo yambiri, kungoti masiku ano imafika denga litakwera kale. Pomanga munali nokha. Mwangopaka penti, msuweni wa apongozi a mlamu wanu watulukira ndi chikwama, akuti agona masiku aŵiri podikira basi ya ku Chama. Mvula yagwa, chimanga chacha, basi sinabwerebe. Mungamuuze bwanji kuti malo palibe, iye akuona zitseko zonsezo? Wa kanyumba kakang'ono amangoti, "Pepani achimwene, mwadzionera nokha," ubale n'kukhalabe wabwino.

Inu amene khoma lanu laima pamawindo, musadikire chaka cha soya chibwerenso. Sankhani zipinda ziŵiri za mbali imodzi, muzikweze, muzifolere Novembala asanafike, mulowe. Zinazo zisiyireni mbuzi kaye, ndipo papaya uja musadule.