Chitamando cha Munda Wobwereka

Atamandike mwini munda wa ku Menlo Park, bambo Mark Zuckerberg, amene, pomvera chifundo anyamata ndi asungwana a m'Chipata muno olakalaka kutchuka ndi nthabwala, nyimbo ndi nkhani zawo, anawabwereka munda wa Facebook kuti alimemo osatula nkhuku kwa mfumu, osakangana za malire. Pakuti kuyambira mu Julaye 2014, pamene iye pamodzi ndi Airtel anasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira Internet.org pafoni, ngakhale mmphawi wa ku Kapata ankalowa m'mundamo alibe ndi ngwee yomwe ya bando.

Alipo ena ouma mitu amene amati woyamba kumene azimanga tsamba lakelake pa intaneti, azilipirira dzina lake chaka ndi chaka, nasunge zolemba zake m'nkhokwe ya iye mwini. Ndipo amakonda kutiopseza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ha, anthu ochepa chikhulupiriro! Tsamba lotero adzalichezera ndani? Koma taonani mnyamata wojambula impi zikuvina ngoma ku Mtenguleni pa Nc'wala, pamaso pa Nkosi yama Nkosi Mpezeni: dzuwa lisanapendeke, a ku Lilongwe, a ku Lusaka ndi a ku Johannesburg amakhala atamuimikira zala zosawerengeka, zimene, ngakhale sizigula ndi kapenta yemwe pa Saturday Market, zimamugonetsa tulo tokoma.

Ndipo mwini mundayo sasenzetsa mlimi wake katundu wa kuganiza. Iye ndiye asankha amene aone mbewu zako ndi amene asazione. Iye ndiye akolola ndalama za otsatsa malonda, kuti iwe ungagwe m'chiyeso cha chuma. Ndipo ukafuna kuti okutsatira ako omwe, amene unawasonkhanitsa ndi thukuta lako, amve mawu ako, akulola mwaulemu kuti umulipire. Amenewa ndiwo madalitso amene Julius Chongo, pofotokoza nthano zake za Poceza M'madzulo pawailesi, sanawalawe konse.

Ngakhale mpumulo ulimo m'mundamu. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa m'Zambia, alimi onse napuma pa ntchito zawo, kufikira a Chapter One Foundation, osadziwa kukoma kwa sabata, anathamangira kubwalo lalikulu la milandu ku Lusaka kukatsegulitsa chipata. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho mundawo unadzitsekera wokha maola ngati asanu ndi limodzi pa dziko lonse lapansi, ndipo ndikhulupirira kuti usiku umenewo mabanja ambiri a ku Mchini anaonana nkhope.

Makolo athu, m'masiku amene mzinda uno unkatchedwa Fort Jameson, Angoni atagonja mu 1898, anasanduka alendo pa nthaka imene kampani ya North Charterland inkati ndi yake, ndipo anadandaula zaka zambiri. Ife tapambana iwo m'kufatsa, pakuti timalowa tokha, tikuseka, ndi kugula bando ndi ndalama zathu kuti tikalimire mwini. Tsiku limene adzatseke tsamba lako, indetu sadzakuvutitsa ndi bwalo, nduna kapena mboni; udzangodandaula kwa makina, makinawo nadzakuyankha mwaulemu, kenaka udzatsegula tsamba lina ndi okutsatira awiri, ndiwo amayi ako ndi wokugulitsa bando uja.