Boti ndasankha kale, chatsala ndi mathithi

Masiku ano chilichonse chakwera mtengo: sopo, shuga, feteleza, ngakhale ndalama yolowera kuchimbudzi cha mumsika. Chimene anaiwala kukweza n'chimodzi chokha, kusankha. Munthu ukhoza kusankha nyumba ya ku Nyambadwe m'mawa, masana n'kusankha galimoto ya ku Japan, madzulo n'kuzikana zonse ziwiri chifukwa cha penti, osatulutsa ngakhale tambala. Poona mwayi umenewu ndinati ine zosankha tinthu ting'onoting'ono ayi. Ndikusankha boti la injini, loyendera pamadzi mongopitidwa mphepo.

Ndikudziwa zimene mukufuna kunena. Inde, kusambira sindidziwa, ndipo malipiro a mwezi wamawa ndinadya kale mwezi watha. Koma imeneyo ndi nkhani ya wogula. Ine ndikadali pa kusankha, ndipo ntchito imeneyi ndikuigwira ndi mtima wonse.

Amene anandiyatsira motowu ndi alamu anga, amene amatsuka maboti a anthu olemera padoko lina ku Cape Town. Amakonda kutumiza zithunzi pa WhatsApp: iwo ali chilili pachiwongolero, magalasi akuda kumaso, dzanja m'chiuno. Mukachikulitsa chithunzicho ndi zala, pakona mumaona ndowa ndi chikolopa zikusuzumira. Za ndowayo sindinawafunsepo, nawonso za ndalama zanga sanandifunsepo, choncho timakambirana za maboti momasuka, anthu awiri ochita bwino.

Pa maboti onse amene anandionetsa, mtima wanga unagwera pa trawler. Anthu a ku Mangochi amawadziwa ma trawler enieni, maboti a Maldeco aja okoka khoka pansi pa nyanja. Olemera a ku America anayang'ana maboti a asodzi a kwawo, olimba, a mphuno yaitali, osaopa mafunde, osadya mafuta ambiri, ndipo anati, "Tipangireni lotere, koma muchotsemo nsomba, muikemo bedi, firiji ndi chimbudzi chogejemula." Ndiye munthu amalipira chuma chambiri kuti patali azioneka ngati msodzi wovutika. Apa ndinaona kuti boti limeneli ndi langa ndithu, chifukwa ine maonekedwe a munthu wovutika ndili nawo kale, ndipo ndinawapeza ulere.

Musaganize kuti ndi fashoni ya dzulo. Kampani ya American Marine inayamba kupanga maboti a Grand Banks ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960, a matabwa, dzinalo atalitenga ku malo otchuka ophera nsomba kufupi ndi Newfoundland ku Canada. Mu 1973 anasiya matabwa n'kuyamba kuumba ndi fibreglass ku Singapore. Panalinso mkulu wina wa asilikali a pamadzi a ku America, Robert Beebe, amene anapangitsa boti lake lotchedwa Passagemaker mu 1963, ndipo mu 1975 anatulutsa buku lakuti Voyaging Under Power, lofotokoza kuti boti laling'ono la injini likhoza kuwoloka nyanja ya mchere bola lisamathamange. Nditamva za chiphunzitso chimenechi ndinawauza amayi a kunyumba kuti pamapeto pake sayansi yavomereza mayendedwe anga. Iwo anati sayansiyo sinanditumepo kuchigayo.

Funso loyamba posankha ndi la liwiro. Trawler yeniyeni sidumpha pamwamba pa madzi. Imakhala m'madzimo n'kumawakankha. Ikamayenda imautsa funde kutsogolo ndi lina kumbuyo, ndipo ikafika pa liwiro lina imapanikizika pakati pa mafunde ake omwe. Kuwonjezera moto pamenepo n'kungotentha mafuta. Malirewo amadalira kutalika kwa boti. Ngati mbali yokhudza madzi ndi yotalika mamita 11, liwiro limathera pa makilomita pafupifupi 15 pa ola. Limeneli ndi liwiro la wakabaza wa njinga yakapalasa amene wadya bwino, pamsewu wopanda chitunda. Tangoganizani, munthu kugulitsa nyumba, kutenga penshoni yonse, kuti wakabaza azimupereka moni m'mbali mwa nyanja n'kumupitirira.

Kwa osapirira kuli maboti ena a pansi pophwatalala kumbuyo, monga Swift Trawler ya kampani ya ku France ya Beneteau, amene akapatsidwa injini zazikulu amadzuka pang'ono pamadzi n'kuthamanga kuwirikiza kawiri. Koma mafuta nawo amawirikiza, ndipo osati kawiri kokha. Amenewa ndinawakana. Kulikonse kumene ndinapitako mothamanga pa moyo wanga ndinakapeza ofesi atatseka.

Funso lachiwiri ndi limene limadanitsa eni maboti: injini imodzi kapena ziwiri? A injini imodzi amati imamwa pang'ono, amakaniki amapeza malo ogwadira m'chipinda chake, ndipo chopalasira chimabisala kuseri kwa msana wa pansi pa boti, moti chikuni choyandama sichingachiphwanye msanga. A injini ziwiri amati imodzi ikafa inayo imakufikitsa kumtunda, ndiponso boti limatembenuka mosavuta pokocheza padoko. Ine ndinaima ndi a imodzi. Maboti akale ambiri ali ndi Ford Lehman ya mahatchi 120, injini yosachita matama, yochokera ku banja la injini za malole ndi makina a ntchito; ena atsopano ali ndi ya John Deere, kampani ya mathirakitala ija. Ndinawafotokozera amayi zonsezi pa chakudya chamadzulo, n'kumaliza ndi mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Abambo, nanga imodziyo ikazima pakati pa nyanja, mudzatsika kukankha?"

Ndinameza mbamu osaviika. Pa magalimoto onse amene ndakwerapo, ndi ochepa amene sindinawakankheko. Mwamwayi alamu ananditumizira yankho usiku womwewo: maboti a Nordhavn, kampani ya ku California, amakhala ndi kainjini kena kakang'ono pambali, kokhala ndi kachopalasira kakekake, kongodikira tsiku latsoka kuti kakubwezereni kumtunda pang'onopang'ono. M'mawa ndinakapereka yankholo kukhitchini. Amayi anati, "Ndiye kuti injini ndi ziwiri." Nkhaniyo tinaisiyira pomwepo.

Dzina la Nordhavn litalowa m'nyumba, ndinayamba kulota zazikulu. Boti lawo la mamita 12 okha, Nordhavn 40, linazungulira dziko lonse kuyambira mu 2001 mpaka mu 2002. Mu 2004 maboti 18 ananyamuka pa Fort Lauderdale ku Florida pa ulendo wowoloka Atlantic, kudzera ku Bermuda ndi ku Azores mpaka ku Gibraltar. Chinsinsi chake ndi matanki. Nordhavn 40 imanyamula malita pafupifupi 3,500 a dizilo, ndipo poyenda modekha imangonyambita malita owerengeka pa ola. Ndinatenga pensulo. Malita 3,500 ndi zigubu 175 za malita 20. Ndinadziona ndili pamzere wa mafuta tsiku limene thankala yamveka kuti ikubwera, kutsogolo kwanga minibasi, kumbuyo njinga zamoto, ine pakati ndi zigubu 175, ndikufotokozera anthu okwiya kuti pepani abale, ndikupita ku Gibraltar.

Funso lachitatu ogulitsa salitchula msanga: kugwedezeka. Boti la mimba yozungulira limadutsa bwino m'madzi, koma funde likalimenya cham'mbali limapendamira uku ndi uku, mbale kugwa, tiyi kutayika, alendo kusiya kuyankhula. Mankhwala ake alipo. Akale anawabwereka kwa asodzi: mitengo iwiri yachitsulo yotambasukira kumanja ndi kumanzere, iliyonse ikukoka chitsulo cha mapiko chomira m'madzi, chimene chimakana kukokedwera m'mwamba boti likafuna kupendama. Amakono ndi zipsepse zoyenda zokha pansi pa boti, kapena gudumu lolemera lozungulira mwaliwiro m'kati. Zonsezi n'zodula.

Nkhani imeneyi imandikhudza pamtima, kapena ndinene kuti pamimba. Chaka china tinapita ku Cape Maclear ndi a kwaya, ndipo tinakwera kaboti kuchoka pa Chembe kupita pachilumba cha Thumbi, pamene munthu woima pamchenga amapaona bwinobwino. Nyanja inali bata. Anzanga ankaimba. Ine ndinagwira mphepete mwa boti ndi manja awiri, maso kumwamba, kenako ndinadyetsa mbuna chambo chonse chimene ndinadya masana. Mnyamata woyendetsa anandisisita pamsana nati, "Musadandaule madala, zabwerera kwawo." Mpaka lero a kwaya akafuna kundiputa amangoyamba kupendama uku ndi uku. Choncho pa mndandanda wanga ndalemba kuti boti langa likhale ndi mitengo iwiri ija, zipsepse, ndi gudumu lomwe.

Funso lachinayi: latsopano kapena logwirapo kale ntchito? Ili silinanditayitse nthawi. Kuyambira nsapato mpaka jekete, ine zatsopano sindizidziwa. Koma alamu anandichenjeza kuti apa m'pamene anthu amalira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ku Taiwan kunapangidwa ma trawler ambiri otsika mtengo, okongola, pamwamba atayala matabwa a teak. Thabwa lililonse analimanga ndi zomangira zoboola pansi, ndipo zaka zikamapita madzi amalowa m'timabowoto n'kuwoletsa zam'kati. Madzi omwewo amadonthera pa matanki achitsulo, dzimbiri n'kuyamba pamwamba pamene diso silifika. Kuti atulutse thanki lotere, nthawi zina amayamba achotsa injini kapena kulidula zidutswazidutswa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake wogula wanzeru amalemba ganyu katswiri woyeza boti. Amalitulutsa m'madzi, iye n'kuyenda mozungulira ndi kanyundo, gogogo, gogogo, khutu lili tcheru. Pamene pali bwino pamalira mouma. Pamene pawola pamalira mogontha, ndipo pamenepo amalemba ndi choko. Amatengako mafuta a mu injini kukayezetsa, kenako amaliyendetsa pamadzi kuti amve mmene likupumira. Ndinati ndiyeserere luso limeneli pakhomo. Ndinatenga supuni n'kuyamba kugogoda chitseko, mafelemu a mawindo, mpaka kabati ya mbale. Paliponse pankalira mogontha. Amayi anandilanda supuniyo chiswe chisanadziwe kuti tachitulukira.

Apa ndinafunsa alamu funso limene ndinkalizemba: kodi mabwana awo aja anapitako kuti ndi mabotiwo? Anaseka mpaka foni inadula. Ataimbanso anati, "Alamu, ambiri sachoka padoko. Munthu amagula boti lowolokera nyanja yamchere, koma ulendo wake ndi wa Lamlungu masana, kukazungulira apo n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Miyezi inayo ndimakhalamo ndine ndi ndowa yanga. Ndipo boti longokhala ndi limene limawonongeka msanga." Anawonjeza kuti eni maboti amawerengera kuti chaka chilichonse kukonza, inshulansi ndi lendi ya padoko zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wogulira. Malangizo awo anali akuti munthu asankhe boti la ulendo umene adzayendedi, osati umene amakamba akakhuta.

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa maulendo anga onse ndi okamba nditakhuta. Ndinayesa kuchepetsa. Ku America kuli njira ya pamadzi yotchedwa Great Loop, makilomita pafupifupi 9,600, yodutsa m'gombe la kum'mawa, mtsinje wa Hudson, nyanja zikuluzikulu za kumpoto, mitsinje ya Illinois ndi Mississippi, mpaka kutsikira ku Gulf of Mexico ndi kuzungulira Florida. Ambiri amaiyenda chaka chathunthu, ndipo mbali yaikulu mtunda umakhala ukuoneka. Koma kufupi ndi Chicago kuli mlatho wosatseguka umene boti lotalika kupitirira mamita 6 kuchokera pamadzi silingadutse pansi pake. Ndinada nkhawa ndi mlathowo usiku wonse, mpaka amayi anandikumbutsa kuti ndisanafike ku Chicago pali pasipoti yanga imene inatha ntchito kalekale.

Ndiye ndabwerera kwathu. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita pafupifupi 580; pa liwiro la trawler ndi maola ngati 40 kuchokera kumwera kukafika kumpoto. Mchere wodya zitsulo mulibe. Mwera ukayamba m'miyezi yozizira, ine ndizikhala kumtunda n'kumapukuta magalasi. Pa ulendo wotere boti lowolokera Atlantic n'lachabe. Chigamulo changa ndi ichi: Grand Banks 42, imodzi mwa zoposa 1,500 zimene zinapangidwa, yakale koma ya matanki atsopano, yogogodedwa ndi kanyundo paliponse. Za kuchuluka kwa injini adzanena ndi amayi.

Chatsala n'kulifikitsa kuno. Kuchokera ku nyanja yamchere boti likhoza kukwera Zambezi n'kulowa mu Shire. Pa Nsanje lidzapeza doko limene a Bingu wa Mutharika anatsegulira mu 2010, ndipo malo oimikapo sadzavuta. Koma kumtunda kwa Chikwawa kuli mathithi a Kapichira, amene anaimitsa David Livingstone ndi sitima yake mu 1859, ndipo kuseri kwake kuli ena, mpaka Mpatamanga ndi kupitirira. Ngakhale Ilala sinabwere yoyandama. Anaipanga ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Langa, loumbidwa ndi fibreglass, silimasulidwa chotero.

Nkhani ya mathithiyi yandipatsa ulemu umene sindinaupezepo. Pabawo anzanga akandifunsa kuti, "Akapitawo, boti lija lifika liti?" sindiyang'ananso pansi. Ndimatolera nkhomo zanga modekha n'kuwauza kuti zonse zinatheka, chikundichedwetsa ndi Kapichira, ndipo vuto limeneli linamukanika ngakhale Livingstone. Amagwedeza mitu mwachisoni, ena mpaka kudandaula kuti dziko lino silithandiza anthu a masomphenya. Kenako mmodzi wa iwo amandilipirira tiyi, poganizira kuti ndalama zanga zonse zili m'boti.