Nyerere za mu Mkuyu wa ku Tokyo

Akuluakulu a mvula zakale, amene ankadziwa kuchenjeza mwana popanda kumukalipira, adatisiyira mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngakhale iwowo sadawolokepo nyanja yamchere, kapena kuona chipale chofewa chikugwera pa madenga a mzinda wa Tokyo, ine ndikhulupirira kuti akadapatsidwa m'manja imodzi mwa magazini ophunzitsa kusoka zovala amene amatuluka m'dziko la Japan mwezi wa Febuluwale, akadaitembenuza uku ndi uku, nagwedeza mutu, nanena kuti mkuyu ankanena uja ndi womwewu.

Mwezi umenewo kuzizira kumakhala kukadaluma, mitengo ya sakura ili mbuu yopanda tsamba, pakuti maluwa ake sachita changu kufikira kumapeto kwa Malichi. Koma m'masitolo a mabuku nyengo ya mphukira imakhala itafika kale, itakhala pa alumali ndi mtengo wake pamsana. Pali Mrs. Style Book ya a Bunka, pali Lady Boutique ndi Cotton Friend za a Boutique-sha, ndi zinzake zambiri. Mukatsegula, taonani, mayi wowonda waima pazenera, wavala diresi la bafuta lotakasuka bwino, wanyamula dengu lopanda kanthu, ndipo nkhope yake ndi ya munthu amene sadamvepo dzina la ngongole. M'munsi mwake, kawirikawiri, mumapezeka mawu otonthoza mtima, olonjeza kuti chovalachi n'chosavuta, munthu atha kuchitsiriza tsiku limodzi. Sindikuti olembawo amanama, Mulungu andiletse. Ndingoganiza kuti tsiku akunenalo ndi lija la Yoswa, pamene dzuwa lidaima pakati pa thambo kudikira kuti nkhondo ithe.

Tsono nyerere zili kumapeto. Kumeneko kuli chipepala chopindidwa kangapo, chimene mukachifunyulula chimakwirira tebulo lonse, ndipo pa chipepala chimodzi chomwecho, kumaso ndi kumbuyo, adindapo mapateni a zovala zambirimbiri, ina pamwamba pa inzake, iliyonse m'masaizi angapo. Mzere wa mkono wa bulauzi umanyamuka pangodya, kudutsa m'thumba la siketi, kulowa m'kolala ya diresi lina, kusokonezeka ndi mwendo wa buluku, n'kukatulukira kumene simunayembekeze. Kudula chipepalacho ndi sizasi n'kosaloledwa, chifukwa wodula bulauzi wapha siketi, diresi ndi buluku pamodzi. Choncho mayi ayenera kuyala pepala lopyapyala pamwamba pake, kugwira pensulo, ndi kulondola mzere wake wokhawokha pakati pa khamu la mizere inzake, osaphethira. Tsoka kwa iye amene mphika wamuitana ali pakati pa ulendowu, pakuti pobwerako adzagwira mzere wa mnansi, ndipo sadzadziwa kanthu kufikira tsiku lovala, pamene adzapeza kuti mkono wamanja ndi wake koma wamanzere ndi wa munthu wina.

Akatsiriza zimenezo, nawongola msana, nayamika Chauta, nyerere yaikulu imakhala ikadabisala. Mapateni ambiri a ku Japan sasiya malo a msoko. Mzere umene mayi walondola movutikira uja ndi wopitapo singano, si wopitapo sizasi. Ayenera yekha kuwonjezera sentimita imodzi m'mbali, mwina masentimita 3 ku mpendero, malinga ndi manambala aang'onoang'ono olembedwa pa kachithunzi kena kapatsamba lina. Woiwala lamulo limeneli sataya nsalu yake, ayi. Amangozindikira kuti mwezi wonsewu wakhala akusokera mdzukulu wake diresi la mphatso, mosadziwa. Safunsa adadya phula.

Pali masamba ena ouma mtima koposa, amene ngakhale chipepala chija alibe, koma kachithunzi kokha kodzaza ndi manambala, kolamula mayi kuti ayambe wadziyeza chifuwa ndi utali wa msana, ajambule pateni ya maziko ya thupi lake, ndipo kuchokera pamenepo atalikitse apa, achepetse apo, kufikira diresi libadwe pa pepala. Ngakhale pa mazikowo anthu sagwirizana, pakuti kuli mipingo iwiri, uliwonse ndi chiphunzitso chake. Wina ndi wa Bunka, sukulu imene idayamba ndi Namiki Isaburo m'chaka cha 1919, imene idayambitsanso magazini ya Soen mu 1936, ndi kuphunzitsa Kenzo Takada ndi Yohji Yamamoto. Wina ndi wa Doreme, wa mayi Sugino Yoshiko, amene atabwerako ku America adatsegula sukulu yake mu 1926. Tisaseke msanga pamenepa. Nkhondo itatha mu 1945, mizinda ili phulusa, nsalu zikusowa, amayi a dziko lija ankamasula makimono awo akale ndi kuwasandutsa masiketi ndi mabulauzi, ndipo sukulu zosoka zidadzaza mpaka pakhomo. Mayi wake wa Yamamoto yemweyo, mwamuna wake atatsalira kunkhondo, adalera mwanayo ndi makina osokera. Masiku amenewo mayi wolondola mizere sankafuna kukongola kokha, ankafuna kuti ana agone atadya.

Komatu lero njala imeneyo idapita, mizere idatsala. Idatsalanso ndi mayi wina wosaoneka, wamtali masentimita 158, wovala saizi 9, amene makampani a zovala a ku Japan amamutenga ngati muyezo wa amayi onse, ndipo mapateni ambiri amajambulidwira iyeyo. Amene Namalenga adamuwonjezera msinkhu kapena mbina ayenera kudula pepala pakati ndi kuikapo chigamba asadakhudze n'komwe nsalu. N'chifukwa chake ndimachita nawo chisoni, komanso ulemu, amayi a ku London ndi a ku Sydney amene amaitanitsa magazini amenewa pa intaneti, osadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe cha Chijapani, nangotsata zithunzi ndi manambala mwa chikhulupiriro chokha. Telala wathu wa pakhonde la sitolo, amene amakuzunguliza tepi kamodzi, kulemba manambala anayi m'kope la mwana wake, kukhwatcha nsalu ndi choko, n'kukuuza kuti ubwere Lachisanu, atamva kuti kuli anthu amene amatha sabata akusoka mapepala, angafunse ngati mapepalawo amavalidwa ku tchalitchi.

Tikafufuza bwino, ubale wa mkuyu ndi singano sudayambe dzulo. M'buku la Genesis, zovala zoyamba za mtundu wa anthu zidasokedwa pakhomo, ndi manja a eni ake, ndipo nsalu yake idali masamba a mkuyu. Koma tsiku lisadathe, matewera amenewo adaoneka kuti sangathe kupirira dziko la minga ndi mitula, ndipo Mwini munda adawaveka osokawo malaya a zikopa osokasoka kale. Kuyambira pamenepo kusoka pakhomo kwakhala kukugonja pamaso pa zosokasoka. Werengani nokha: mayi wagula magazini, wakwera sitima kunka ku Nippori, kumene masitolo a nsalu andanda msewu wa pafupifupi kilomita yathunthu, adapitira bafuta wa diresi limodzi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, wabwerako ndi nsalu za madiresi anayi, ulusi, mabatani ndi zipi zimene sadzazigwiritsa ntchito kufikira tsiku lachiweruzo. Pobwerera wadutsa pakhomo pa Uniqlo, sitolo ija idayambira ku Hiroshima mu 1984, ndipo pagalasi papachikidwa bulauzi yofanana ndi imene akuifunayo, yosita kale, ya mikono iwiri yolingana, pa mtengo wosafika wa nsalu ili m'chikwama mwake. Wayang'ana kumbali.

Apa ndi pamene ndikupempha, mogwada ndi mowomba m'manja, kuti akuluakulu andilole kuutsutsa pang'ono mwambi wawo. Iwo ankanena za munthu wonyengedwa, amene aluma nkhuyu ali wosadziwa, nalavula; koma mayi uyu sadanyengedwe ndi munthu aliyense. Chipepala chija amachidziwa kuyambira utsikana wake, malo a msoko adawaiwalapo kale ndi kulira, bulauzi ya pagalasi waiona ndi maso ake awiri, ndipo chaka chilichonse amabwerera ku mkuyu womwewo ndi ndalama m'manja. Kunena mosapsatira, chimene iye akugula ndi nyererezo. Akugula maola a usiku pamene ana agona, foni yakhala chete, ndipo m'dziko lonse lapansi mwatsala funso limodzi lokha, lakuti mzere uwu ukupita kuti. Ndipo maola otere sagulitsidwa m'sitolo ya zosokasoka, ngakhale pa mtengo wotsitsa. Anthu ake ndi omwe aja amachitira maliro singano zawo: pa 8 Febuluwale, ku kachisi wa Sensoji ku Asakusa, osoka amabwera ndi singano zothyoka ndi zopindika, nazibaya pa tofu, chakudya chofewa chija cha soya, kuti zimene zidatha moyo wonse zikuboola zolimba zipumule pofewa. Mtundu umene umathokoza singano yothyoka simungauopseze ndi nyerere.

Ndisakokomeze chiyero chawo, pakuti Zengerezu ali ndi abale ku Japan komwe. Mwezi wa Malichi umadyedwa ndi zikwama, popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, ndipo sukulu zambiri za mkaka zimatumiza kwa makolo miyezo ya kachikwama ka mabuku, ka nsapato ndi ka chakudya, zimene mayi amasoka pakati pa usiku akung'ung'udza. Sakura amachita maluwa, nayoyoka, diresi la mphukira likadali mapepala omangidwa ndi mapini. Pa 1 Juni, tsiku limene mwambo wa koromogae umalamula ana a sukulu ndi antchito ovala yunifolomu kusintha kulowa m'zovala za nyengo yotentha, diresi lija limakhala litatsala mpendero wokha, mvula ya tsuyu ili pakhomo, ndipo magazini ina yatsopano ili kale patebulo, mayi wina wowonda ataima pazenera lina. Bambo wa m'nyumbamo, amene batani la buluku lake lidathothoka chisanu chikadalipo, amalowa mwakachetechete, nalipereka ndi manja awiri. Ndipo amayankhidwa, mayi osadzutsa mutu pa chipepala, kuti kodi iwo sakuona kuti munthu akusoka.