Ndinapita ku Joni kukaluka tsitsi

Kumudzi amadziwa kuti ndili pa Joni ndipo ndimagwira ntchito ya zamtengatenga. Si bodza kwenikweni, pajatu hatchi imanyamula munthu. Chomwe sindinawauze n'chakuti ine, bambo wandevu zanga, amene ndinkasamuka pakhonde azimayi akayamba kulukana, masiku ano ndimalawirira mbandakucha kukaluka chinyama cholemera makilogalamu oposa 500.

Kuno ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, makola a mahatchi ali mbwee, ndipo ife Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe tilimo ambiri. Kuwola ndowe ndi kupereka udzu sizinandivute. Zinthu zinathina tsiku lomwe adona anati hatchi ikupita ku chionetsero Loweruka, ndiye tsitsi lake la pakhosi lilukidwe. Ndinaseka, kuyesa ndi nthabwala zachizungu. Iwo sanaseke. Anangondipatsa chipeso, singano yobuntha ndi ulusi wopaka phula.

Mdala wina wa ku Mangochi, amene wakalambira m'makolamu, ndiye anandimvera chisoni.

"Mphwanga, imeneyi si saluni ya pa Ndirande. Kuno kuli malamulo."

Malamulo ake ndi awa. Tsitsi lonse ligonere mbali ya kumanja, ndipo lisatalike kwambiri kuposa chikhatho. Osalipaka mankhwala ofewetsa dzulo lake, limaterera m'zala; ungolinyowetsa ndi madzi. Ukaligawa, chigawo chilichonse uluke patatu mpaka kunsonga, usoke nsongayo, upinde, ukulunge, kenako ulowetse singano pakati kuti pakhale kampira kolimba. Timipira ta pakhosi tizikhala 9, 11 kapena 13, osati 10 kapena 12, chifukwa ka pamphumi ndi kamene kamakwaniritsa nambala. Ndinafunsa ngati hatchiyo imadziwa masamu.

"Hatchi ayi, koma oweruza," anatero mdala uja, n'kumapita.

Tsono msinkhu wa hatchi amayeza ndi manja, dzanja limodzi ndi masentimita 10 ndi pang'ono. Yathuyi ndi ya manja 16, kutanthauza kuti phewa lake lili pafupifupi pa masentimita 163. Ine wathunthu, ndi chipewa chomwe, ndimathera pomwepo. Ndiye ndimakwera pa kreti ya zakumwa. Hatchi imadikira ndithu kuti zala zanga zonse zilowe m'tsitsi, kenako imasuntha phazi limodzi lokha, kreti n'kutsala uko, ine n'kulendewera m'khosi mwake. Singano ikagwera m'udzu wogonapo, ntchito yonse imaima, chifukwa ikhoza kuibaya kuphazi. Ndakwawapo m'kholamo m'kuzizira kwa Julayi, hatchi ikundinunkhiza kumsana.

Timipira tanga toyamba tinatuluka ngati mandasi a wophunzira kukazinga: kena kotupa, kena kophwatalala, kena kamchira. Adona anayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndikupeza bwino m'thupi.

Usiku womwewo ndinaimbira mayi a kunyumba pa WhatsApp.

"Mayi, tandiuzani, tsitsi likamapulumuka poluka mumatani?"

Kunali zii.

"Bambo, usiku uno mukufuna kuluka ndani kumeneko?"

Apa munthu wanzeru akanangotchula hatchi. Ine, pofuna kusunga ulemu wanga, ndinayamba kufotokoza mozungulira: ndi wamtali, watsitsi lakuda lolimba, sakhazikika, koma ukamupatsa karoti amafatsa. Ndisanamalize, ndinamva akuitana alamu anga kuti adzamve okha zimene Joni wachita. Ndinathamangira kukhola ndi foni, n'kuyatsa kamera.

Anaseka mpaka bandulo inatha. Nditagula ina, ndinapeza pakhonde padzaza azimayi a mpingo, aliyense ndi malangizo ake. Koma pa zoluka, mayi a kwathu ndi akatswiri. Anati vuto langa ndimagwirira kutali ngati ndikuopa, pomwe zala ziyenera kuyambira pakhungu penipeni, ndipo chala chachikulu chisasiye pomwe wadutsa. Zimene mdala uja anandiuza monyinyirika, iwo anandilalatira mpaka zinalowa.

Loweruka hatchi inapita ndi timipira 11 tooneka ndithu. Inabwerako ndi riboni, adona anajambulitsa nayo, ine ndinapatsidwa sizasi kuti ndidule ulusi ndi kumasula zonse dzuwa lisanalowe.

Pano uthenga wabwera kuchokera kumudzi. Akuti ndalama ya saluni ya ana athu aakazi aichotsa kale pa bajeti ya Disembala, ndipo ndisaiwale kubweretsa chipeso changa. Karoti akuti agula okha.