Ulemu kwa Zilombo za pa Denga la Tchalitchi

Mwa onse amene amatumikira pa matchalitchi akale a ku Ulaya, palibe amene wanyozedwa kwa nthawi yaitali ngati zilombo za miyala zimene zimasuzumira pansi zili m'mphepete mwa madenga, chonsecho palibe mkhristu amene angafanane nazo pa kukhulupirika, pakuti chiikidwireni m'zaka za m'ma 1200 sizinajombepo ku mapemphero, ngakhale kuti palibe amene anaziitanirapo m'kati.

Ulemu woyamba upite kwa ma gargoyle, omwe ndi ziboliboli za agalu, mikango, zinjoka ndi zina zosadziwika mtundu, zosemedwa ndi kangalande kumsana komanso kukamwa koyasamula, cholinga chake chili choti madzi a mvula azilavulidwa kutali ndi khoma m'malo motsetsereka n'kumakokolola laimu wogwira miyala. Ntchito yawo, kunena mosapsatira, ndi kusanza pagulu, ndipo amaigwira mosakondera, popeza episkopi ndi wopemphetsa akadutsa pansi pawo mvula ili mkati amanyowa mofanana, chilungamo chimene mabwalo a milandu akuchifunafunabe.

N'zoona kuti mkulu wa amonke, Bernard wa ku Clairvaux, cha m'ma 1125, anadzudzula anyani ndi mikango yosemedwa m'nyumba za amonke, ponena kuti imawononga ndalama ndi kusokoneza owerenga mawu a Mulungu, koma mkuluyu sanaganizire kuti nyani wamwala sapempha malipiro, sanong'ona ulaliki uli mkati, ndiponso sanayambitsepo mpingo wakewake atakangana ndi akuluakulu. Anthu a ku Laon, m'dziko la France, ndiwo anaona patali, chifukwa pa nsanja za tchalitchi chawo chachikulu anaimikapo ng'ombe zamwala 16, zimene mbiri imati n'zokumbukira ng'ombe zomwe zinkakoka miyala kukwera nayo phiri lomwe tchalitchicho chinamangidwapo, motero amene anakhetsa thukuta anakhazikidwa pamwamba kuposa amene ankalamula.

Komabe nzeru zakuya zili ndi ma chimera a pa Notre-Dame mumzinda wa Paris, ziboliboli zongokongoletsa zimene sizitulutsa ngakhale dontho la madzi, zomwe katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc anaziwonjezera pokonzanso tchalitchicho m'zaka zapakati pa 1844 ndi 1864. Chotchuka mwa izo ndi Stryge, chilombo chanyanga ndi mapiko chimene chinatsamiritsa chibwano m'manja mwaulesi, lilime lili panja, maso ali pa mzinda. Icho ndicho alendo amajambula kwambiri, pomwe ma gargoyle ena amene anadyeka ndi mvula ndi utsi anachotsedwa mwakachetechete n'kulowedwa m'malo ndi mapaipi apulasitiki moto usanabuke pa tchalitchicho pa 15 Epulo 2019. Apa zilombozi zinaphunzitsa mosabisa zimene mabuku a utsogoleri amazengereza kunena, zakuti kutchuka kumatsata wokhala pamalo ooneka, osati wogwira ntchito.

Choncho, poti mtumiki amayesedwa ndi kupirira, kusadandaula ndi kusasiya malo ake, zilombo zimenezi zikuyenera kuwerengedwa m'gulu la akhristu okhazikika, ndipo amene amaziseka chifukwa cha kuipa nkhope ayambe wakhala panja pa mvula zaka 800 asanatsegule pakamwa.