Chitamando cha Diresi la Ukwati Lokwera Ndege

Mwa katundu yense amene anthu amanyamula pa ulendo wa pandege, palibe wonenedwa zoipa zambiri ndi kuyamikiridwa pang'ono kuposa diresi la ukwati, lomwe ku Malawi ambiri amangolitcha velo. Akwatibwi amaliimba mlandu wowasowetsa tulo, akwati amalidandaula kuti limawathyola mkono, ndipo ogwira ntchito m'ndege amayamba kuusa moyo likangotulukira pakhomo. Nkhani ino ikuonetsa kuti madandaulo onsewa ndi opanda chilungamo, pakuti diresi lopita pandege ku ukwati wa kutali ndilo mlangizi wa banja wodalirika koposa, ndipo limatsiriza m'maola ochepa ntchito imene ankhoswe ndi alangizi a kumpingo amalimbana nayo miyezi yambiri. Ukwati wa kutali, monga mawuwa akugwiritsidwira ntchito pano, ndi uja umene okwatiranawo amakachitira kumalo kumene si kwawo kwa mwamuna kapena kwa mkazi, monga pachilumba cha Santorini ku Greece, ku Zanzibar, ku Mauritius kapena ku mathithi a Victoria, pofuna malo okongola ojambulirapo zithunzi ndiponso, ngakhale izi sizinenedwa poyera, pofuna kuchepetsa abale odzadya.

Mwambo wa chitamando umafuna kuti mtundu wa wotamandidwayo utchulidwe poyamba, ndipo pambali imeneyi diresili lilibe chochita nacho manyazi. Kuvala zoyera pa ukwati kunayamba kufala pambuyo pa 10 February 1840, tsiku limene Mfumukazi Victoria ya ku Britain inakwatiwa ndi Albert itavala diresi loyera la silika, m'nthawi imene akazi ambiri ankangovala chovala chawo chabwino koposa, cha mtundu uliwonse, chimene akanadzachivalanso tsiku lina. Kuyera kwa nsalu kunali umboni wa chuma, popeza ndi wolemera yekha amene akanagula chovala chosachedwa kuda m'masiku amene kuchapa konse kunali kwa manja. Diresili tsono linaleredwa kunyumba yachifumu, ndipo silinasokedwe kuti liziyenda. Zimenezi zinaonekera pa 29 July 1981, pamene Diana Spencer, pa tsiku la ukwati wake, anatsika m'ngolo yokokedwa ndi akavalo pakhomo pa tchalitchi cha St Paul's ku London, diresi lake, losokedwa ndi David ndi Elizabeth Emanuel, lokhala ndi mchira wa mamita 7.6, litachita makwinya amene anthu mamiliyoni ambiri anawaona pa wailesi ya kanema. Ngati diresi la mkazi wa kalonga linakwinyika pa mtunda wa makilomita ochepa mumzinda umodzi, n'koyenera kulemekeza kulimba mtima kwa adzukulu ake amene amavomera kuuluka maola anayi kuchoka ku London kupita ku Santorini, kapena usiku wonse kupita ku Addis Ababa.

Ubwino woyamba wa diresili ndi kukana kuyesedwa. Makampani a ndege anagawa dziko lonse m'miyeso: katundu wa m'manja, yemwe ndi chikwama chimene munthu amalowa nacho m'ndege, nthawi zambiri sayenera kupyola masentimita 56 m'litali, 45 m'lifupi ndi 25 m'kuchindikala, ndipo makampani ambiri salola kuti alemere kuposa makilogalamu 7, pamene sutikesi yopita kumimba kwa ndege imalekezera pa makilogalamu 23. Anthu onse, kaya ndi mabishopu, aphungu kapena amalonda, anagonjera manambala amenewa, ndipo amaoneka atagwada pansi pa bwalo la ndege akusamutsa nsapato kuchoka m'chikwama china kupita m'china. Diresi la ukwati lokha ndilo silinagonje. Limabwera m'chikwama chake cha zipi chotalika pafupifupi mamita awiri, lili ndi nsalu zosanjikizana, zina za neti yopyapyala yomwe imafufuma ikangosiyidwa, timikanda tosokedwa pamanja, tizitsulo kapena timapulasitiki tolimbitsa pachifuwa, ndipo mwina ndi mkombero wotambasula siketi. Silolemera kwenikweni, koma silipindika, ndipo sikelo imasowa cholinenera.

Pali njira zitatu zimene diresili lingayendere, ndipo iliyonse ili ndi phunziro lake. Njira yoyamba ndi ya kumimba kwa ndege, kumene katundu amapita atamatidwa kapepala ka mizere yowerengedwa ndi makina, ndipo phunziro lake ndi lakuti lamulo ndi chikondi siziwerengera mofanana. Bungwe la SITA, lomwe limayang'anira makompyuta ambiri a m'mabwalo a ndege, linalengeza kuti mu 2022 zikwama pafupifupi 26 miliyoni zinachedwa, zinaonongeka kapena zinasowa, ndipo chiopsezo chachikulu chimakhala pamene munthu akusintha ndege. Pangano la Montreal la 1999, lomwe limalamulira maulendo ambiri a pakati pa maiko, linaika malire a chipukutamisozi cha katundu wa munthu mmodzi, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2024 malirewo ndi 1,519 SDR, yomwe ndi ndalama yowerengera chabe ya bungwe la IMF, ndipo kuchuluka kumeneku kukufanana ndi madola a ku America pafupifupi 2,000, pokhapokha mwini katundu atanena mtengo wake pasadakhale ndi kulipira zoonjezera. Pangano lomweli limaona chikwama ngati chotayika pakadutsa masiku 21 chisanafike, pamene mkwatibwi, yemwe ukwati wake uli Loweruka, amachiona chotayika pakadutsa mphindi khumi ataima pa lamba wozungulira wotulutsa katundu. Komabe diresi lotayika silitha ntchito, chifukwa m'tauni ya Scottsboro, m'chigawo cha Alabama ku America, muli sitolo ya Unclaimed Baggage, yomwe inayamba mu 1970, imene imagula katundu wosowa eni ake ndi kumugulitsanso, madiresi a ukwati ali momwemo. Palibe chovala china chimene chingaphonye ukwati umodzi n'kukakometsa wina pamtengo wotsika.

Njira yachiwiri ndi yolowa nalo m'ndege, ndipo phunziro lake ndi kudzichepetsa. M'ndege zina muli kabati kakang'ono pafupi ndi khomo la kutsogolo, kopachikamo majekete a okwera m'chigawo cha olipira zambiri, koma palibe lamulo lopatsa diresi malo m'kabatimo, ndipo ndege zambiri zotsika mtengo za mtundu wa Boeing 737 ndi Airbus A320 zilibe n'komwe kabati yotere. Zonse zimadalira chifundo cha wogwira ntchito amene waima pakhomo tsikulo. Apa ndi pamene mkazi amene kwa chaka chathunthu wakhala akulamula telala, wophika keke ndi atsikana omuperekeza amaphunzira kutsitsa mawu, kumwetulira ndi kunena kuti, "Pepani mayi, ndi diresi la ukwati, mwina mungatithandizeko kamalo." Yankho likakhala lakuti kabati yadzaza, diresi limapindidwa patatu, mchira m'kati, mapepala ofewa atayalidwa m'mapindo kuti mzere usakhazikike, ndipo limagonekedwa pamwamba pa zikwama za ena m'kabati ya pamwamba pa mipando. Kuyambira pamenepo mkwatibwi sayang'ananso pazenera kapena pa kanema, koma maso ake amakhala pa chitseko cha kabatiyo, ndipo aliyense wofika mochedwa ndi sutikesi ya mateyala amamva mawu amodzi okha, akuti "Musakanikize!"

Njira yachitatu ndiyo imapereka kwa diresili ulemu woliyenera, chifukwa makampani ena amalola kuligulira mpando wakewake, monga amachitira ndi zida zoimbira zikuluzikulu, ndipo m'makompyuta a matikiti katundu wokhala pampando amalembedwa ndi zilembo CBBG. Katundu wotere amaikidwa nthawi zambiri pampando wa pazenera, kutali ndi khomo lothawirapo pangozi, ndipo amamangidwa lamba. M'mbiri yonse ya maulendo a pandege simunakhalepo wokwera wamakhalidwe kuposa ameneyu, pakuti sapempha chakumwa, sagonetsa mpando pa maondo a mnzake, salimbirana poika chigongono, ndiponso sadzuka ndege isanaime. Mkwati amene walipira tikiti yachitatuyo, n'kupezeka atakhala mizere isanu kumbuyo pakati pa alendo awiri, amakhala walandira pasadakhale chidziwitso cha malo ake m'zinthu zambiri za m'banja, chidziwitso chimene amuna ena amachipeza patapita zaka.

Kunena zoona, mkwati ndiye wophunzira wamkulu wa diresili. Chikhulupiriro chofala ku Ulaya ndi ku America, chomwe chinafikanso m'matauni a mu Africa, chimati mwamuna akaona diresi tsiku la ukwati lisanafike amaitana tsoka, ndipo chotsatira chake n'chakuti iye amanyamula chinthu chimene saloledwa kuchiona, mtengo wake sanauzidwe wonse, ndipo kuonongeka kwake kudzakhala mlandu wake. Amayenda m'makonde ataliatali a bwalo la ndege dzanja lili m'mwamba, chala chitakola pa hang'ala, kuti m'munsi mwa chikwama musakhudze pansi, monga mmene munthu amawolokera mtsinje wosefukira atanyamula mwana. Pamalo ofufuzira katundu, diresi liyenera kugona pa lamba yemweyo amene padutsa nsapato za anthu zikwizikwi, ndipo makina ounikira akakayikira tizitsulo ta pachifuwa, wachitetezo amatsegula zipi, mkwati n'kutembenukira kukhoma ali chilili, lamba wa thalauza lake ali m'beseni. Alangizi amanena pakamwa kuti banja ndi kusenza, kupirira ndi kukhulupirira zimene sunaone, koma diresi limayesa zitatu zonsezi ulendo usanayambe n'komwe, ndipo zotsatira zake zimaoneka pankhope pomwepo.

Mayesowa amakula pamene ndege zikucheperachepera. Amalawi okhala ku Britain amene amasankha kukamangitsa ukwati m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi kapena pachilumba cha Likoma alibe ndege yochoka ku London molunjika, ndipo amasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg asanatsike ku Lilongwe kapena ku Chileka. Pa kusintha kulikonse, chilolezo chimene chinapemphedwa mogwada m'ndege yoyamba chimatha mphamvu, ndipo pempho liyenera kuyambiranso kwa anthu atsopano. Ndege ya mapiko a zopalasira monga Dash 8 ili ndi makabati aang'ono kuposa a ndege zazikulu, ndipo tindege ta anthu ochepa topita kuzilumba ndi kumalo osungira nyama timangolola zikwama zofewa za makilogalamu 15 kapena 20. Diresi limene linanyamuka mwaufumu limatsiriza ulendo lili pamiyendo ya mwini wake, ndipo pofika pamenepo awiriwo amakhala atadziwana mokwanira.

Likafika, diresi silipuma, koma limayamba kuphunzitsa za sayansi. Simbi yotentha imasungunula neti ya poliyesitala ndipo dontho la madzi limasiya banga pa silika, kotero mankhwala a makwinya ndi nthunzi, kaya yochokera m'kamakina ka m'manja kapena ya m'bafa, mmene diresi limapachikidwa pamwamba pa chitseko madzi otentha atatsegulidwa. Kamakinako kamayenera kudutsa pachitetezo kalibe madzi, chifukwa kuyambira mu 2006 mabwalo ambiri a ndege salola zamadzimadzi zopyola mamililita 100 m'chotengera chimodzi. Kamakina kogulidwa ku America, komwe magetsi ndi a mavoti 120, kamapsa kakalumikizidwa ku magetsi a mavoti 230 a ku Greece, ndipo ka ku Britain, ka mano atatu, sikalowa m'bowo la mano awiri obulungira popanda cholumikizira china. Zonsezi zikatheka, diresi losalala bwino limatsika masitepe a miyala a ku Oia kapena ku Imerovigli, pachilumba cha Santorini, likusesa fumbi, ndipo mphepo ya meltemi, yomwe imaomba kuchokera kumpoto ndipo imalimba mu July ndi August, imakonza velo mmene yafunira.

Otsutsa amati mavuto onsewa ndi odziputira, popeza walira mvula walira matope, ndipo amapereka njira zina: kubwereka diresi kumalo a ukwatiwo, kulitumiza pa kampani yonyamula katundu, kapena kusankha diresi lopepuka lolowa m'chikwama. Kubwereka kumafuna kuti mkwatibwi akhulupirire telala amene sanamuonepo patangotsala masiku awiri, ndipo kutumiza kumapereka diresi m'manja mwa a kasitomu, amene ali ndi ufulu wolisunga mpaka msonkho utalipidwa ndipo sawerenga makadi oitanira anthu ku ukwati. Diresi lopepuka ndi lanzeru, koma vuto lake ndi lomwelo, chifukwa okwatirana amene afika pa guwa osavutika konse amakhala asanayesedwe, ndipo mkangano wawo woyamba udzachitikira kunyumba, popanda mboni, m'malo mochitikira pa mzere wokwerera ndege, pamene kuchuluka kwa anthu kumakakamiza aliyense kusankha mawu.

Ubwino womaliza wa diresili ndi kusasunga mangawa. Pobwerera, chovala chomwe chija chimene chinali ndi mpando wa pazenera chimakulungidwa mothamanga, m'munsi mwake muli mchenga ndi mabanga a vinyo, n'kukankhidwira m'sutikesi pamodzi ndi nsapato ndi mataulo onyowa, ndipo chimapita kumimba kwa ndege popanda woyang'ana m'mbuyo, ngakhale kuti Pangano la Montreal silinasinthe ndipo ngozi yotayika ndi yomwe ija. Chifukwa cha ntchito yotereyi, n'koyenera kuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri, asanapereke madalitso awo omaliza, azifunsa mafunso atatu okha: ndani ananyamula diresi, analinyamula mtunda wautali bwanji asanadandaule, ndipo anayankhulana mawu otani pamene anauzidwa kuti kabati yadzaza. Mayankho ake akhoza kuwapulumutsa ku milandu yambiri ya usiku, ndipo mtengo wa tikiti yachitatu uyenera kuwerengedwa m'gulu la ndalama za chilangizo.